Mbuzi za Lusiya

Mainess anamanga chitseko cha khola ndi waya m'mawa wa Lachiwiri, mwini nyumba akuona. Sanabise n'komwe. Anazunguliza wayayo katatu, nakhotetsa nsonga zake ndi mwala, kenako anapukuta manja kuchitenje ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

Ketilina anali pakhonde, tsache lili m'manja. Panali patapita milungu isanu chiikire mwamuna wake Fulansisi m'manda, ndipo tsitsi limene anamumeta pamaliro linali litangoyamba kumera. Anaona zonse zimene mlamu wakeyo ankachita. Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunamupweteke. Chichokere kumanda, m'chifuwa mwake munangoti zii. Chakudya ankadya chifukwa chamuikidwa patsogolo, ndipo anthu akamulankhula ankayankha chifukwa choti alankhula.

"Alamu, musadabwe," anatero Mainess. "Mbuzi izi zisatuluke ine osadziwa. Udzu ndizidzaziponyera ndekha. Loweruka tikusudzulani, ndipo katundu wa alongo anga tigawa tsiku lomwelo."

"Chabwino," anayankha Ketilina.

Mawu amenewo anamupeza Lusiya akutuluka m'nyumba. Anali mwana yekhayo wa Ketilina ndi Fulansisi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anali ndi kalata yomuitana kukoleji ya aphunzitsi ku Chipata. Kalatayo inafika bambo ake ali gone. Anaiwerenga okha kawiri, akupumira m'mwamba, patatsala masiku anayi kuti atisiye. Tsopano kunali kutatsala milungu iwiri kuti koleji itsegulidwe.

"Azakhali, mbuzi zimenezo ndi zanga za sukulu. Taonani makutu ake."

Mainess anatembenuka pang'onopang'ono. "Zako? Khola ili anamanga ndani? Anazimwetsa mankhwala ndani zaka zonsezi? Iwe mwana, kwathu kuno chuma cha mwamuna amadya ndi ana a mlongo wake. Iwe uli ndi amalume ako ku Chipangali. Kadye kumeneko."

Ananyamuka osacheuka, chitenje chikukwekweza mame.

Tinene zoona, Mainess sananame. Ketilina anabwera m'mudzi wa Mlangali, kuno ku Chiparamba, mwa chitengwa. Anasiya abale ake natsata mwamuna. Mkazi wotero, mwamuna akamwalira, amamusudzula n'kubwerera kwawo ndi ana ake, pakuti ana ndi a kuchikazi. Njinga, khasu, ziweto, zimatsala kwa alongo a malemu ndi ana awo. Mainess anali ndi mwana wamkulu, Edmund, amene ankalota ng'ombe zolimira, ndipo mayi wake anali ataona kale ng'ombezo m'khola la mlongo wake.

Koma mbuzi zimenezi zinali ndi mbiri yake. Chaka chimene Lusiya anabadwa, akhristu a mphakati wa m'mudzimo anatopa ndi kuona ana akukhoza giredi seveni n'kukhala pakhomo chifukwa chosowa bulangeti, nsapato ndi sutikesi. Fulansisi mwini anali mmodzi wa ana oterowo, ndipo chinamuwawa mpaka kukula. Akhristuwo anakhala pansi kuseri kwa tchalitchi napangana chinthu chimodzi. Mwana aliyense wobadwa m'mudzimo, tsiku lotuluka m'chikuta, azipatsidwa kambuzi kakakazi kodulidwa nsonga ya khutu lamanzere. Kakabereka, mwana woyamba wamkazi azibwerera kumphakati kuti akapatsidwe khanda lina. Zotsalazo ndi za sukulu basi. Sizipita pamaliro, sizipita paukwati, sizilipira mlandu.

Sanalekere pa mbuzi pokha. Amayi a mphakati ankaonetsetsa kuti khanda likupita kusikelo ndipo mkaka wa mbuziyo ukuthiridwa m'phala. Mwana akakula, ankamuuza kuti adutsitse mkono pamutu agwire khutu, ndipo akaligwira, ankamuperekeza okha kukayamba giredi wani. Yunifomu ikafunika, mbuzi imodzi inkapita kumsika. Kusekondale chimodzimodzi. Chaka cha chilala chija cha 1992 anthu anadya gaga ndi mango osakhwima, koma mabanja ambiri sanakhudze mbuzi zodulidwa khutu. Ena anaphwanya pangano, inde, anthu ndi anthu. Fulansisi sanaliphwanye. Kambuzi ka Lusiya ndiko kanali koyamba m'mudzi monse, ndipo Lusiya ndiye anali mwana woyamba kufika pakhomo la koleji.

Lusiya anawatsatira mayi ake m'nyumba.

"Amama, mwangoti chabwino? Basi?"

Ketilina anali atayamba kupinda malaya a mwamuna wake, kuwasanja pamphasa kuti Loweruka ogawa asadzavutike.

"Ndinene chiyani, mwanawe?"

"Nenani kuti si zawo! Atate akanakhalapo, akanalola?"

"Atate ako kulibe."

Ananena ngati akunena kuti mchere watha. Lusiya anagwada n'kuwagwira mikono, misozi ikutsika.

"Amama, ndapota nanu, dzukani. Popanda mbuzi zija ine kukoleji sindipita. Matiresi ndiwatenga kuti? Zaka ziwiri ndikakhala bwanji? Mukufuna ndikathyole thonje kwa amalume mpaka ndikalambe?"

Ketilina anamuyang'ana mwana wake. Anadziwa kuti mawuwo ndi oona, ndipo anadziwa kuti mayi wabwino akanaimirira pomwepo n'kukadula wayayo ndi nkhwangwa. Koma miyendo yake sinamve kanthu.

"Ndatopa, Lusiya," anatero.

Lusiya anaimirira, natuluka, namenyetsa chitseko mpaka dothi linagwa pakhoma. Ketilina anatola shati ina n'kuyamba kuipinda.

Mtsikanayo analunjika kwa Agnesi, wapampando wa mphakati. Agnesi anali mayi wonenepa, wolankhula mochedwa, amene anthu ankamuopa chifukwa saiwala. Analinso mlongo wake wa Abel, mwamuna wa Mainess. Anamvetsera nkhani yonse akusenda mtedza, osadukiza.

"Pukuta misozi," anatero pomaliza. "Loweruka tidzakhalapo. Koma ndikuuziretu, nkhaniyi ili ndi minga mbali zonse."

Loweruka dzuwa lisanakwere, bwalo la nyumba ya Fulansisi linali litadzaza. Abambo anakhala pamipando kumthunzi wa mango, amayi pamphasa. Boyd, mlongo wake wamkulu wa Ketilina, anafika kuchokera ku Chipangali pakagalimoto ka mnzake wogula thonje, ndipo woyendetsayo anachenjezeratu kuti sadikira kupitirira masana. Abel anakhala pambali pa mkazi wake, atavala jekete ngakhale kunkatentha, akutsokomola pafupipafupi.

Ankhoswe a mbali zonse analankhula. Anathokoza Ketilina posamala mwamuna wake zaka makumi awiri ndi ziwiri, posamuthawa pa matenda, ndipo anamuuza kuti tsopano ndi womasuka. Kenaka anayamba kugawa. Njinga inapita kwa Edmund. Wailesi, pulawo, jekete ya kutchalitchi, zonse zinapeza eni ake. Ketilina anamusiyira mapoto, mtondo ndi bulangeti limodzi. Chilichonse chikatchulidwa, iye ankangogwedeza mutu. Amayi ena ankanong'onezana kuti mkaziyu ndi wolimba mtima. Sanali wolimba mtima ayi, ankangomva ngati zikuchitikira munthu wina.

"Zatsala mbuzi," anatero Mainess mokweza.

Agnesi anaomba m'manja mwaulemu kupempha mpata.

"Pepani akuluakulu. Mbuzi zodulidwa khutu si katundu wa maliro. Zija ndi za mwana. Pangano limenelo tinapangana tonse, ndipo malemu ndiwo anali patsogolo."

"Pangano la kutchalitchi likathere kutchalitchi," anayankha Mainess. "Pano tili pamwambo. Chilichonse chogona m'khola la mwamuna ndi cha mwamunayo. Kodi ine ndayamba lero zimenezi? Makolo athu ankatero."

"Azakhali, atate anawerenga kalata yanga inu muli pomwepo," anatero Lusiya. "Munamva zimene ananena."

"Khala chete iwe, akulu akulankhula!" Mainess anadziguguda pachifuwa. "Fulansisi ndinamubereka kumsana ine. Amayi athu atamwalira ndinamulera ine. Zaka zonsezi thukuta lake ladyedwa ndi anthu obwera, ana anga akuyang'ana. Lero wapita, mlongo wanga mmodzi yekhayo, ndiye mukuti nditsale ndi wailesi?"

Analira, ndipo misoziyo sinali yabodza. Agnesi anadikira mpaka mlamu wakeyo atapukuta kumaso.

"Ndamva, alamu. Ndiye mukuti chogona m'khola la mwamuna ndi cha mwamunayo, ndipo akapita chimagwera ana a mlongo wake?"

"Ndatero."

"Ngakhale chodulidwa khutu?"

"Ngakhale chodulidwa mutu."

Ena anaseka. Agnesi sanaseke. Anatembenukira kwa Abel.

"Alongo, m'khola mwanu muja muli mbuzi za sukulu za ana anu Mercy ndi Blessings, si choncho? Mercy ali giredi naini chaka chino, ndipo aphunzitsi akuti ndi wanzeru. Khola lija munamanga ndinu. Ine ndine mlongo wanu, ndipo ana ndili nawo asanu ndi mmodzi. Sindikukufunirani zoipa, Mulungu akusungeni. Koma akuluakulu onse amva pano zimene akazi anu aweruza. Tsiku likadzafika, ndidzabwera ndi waya wanga."

Abel anatsokomola nthawi yaitali, maso ali pansi. Palibe amene anafuna kumuyang'ana, pakuti aliyense ankadziwa kuti chifuwa chimenecho chinayamba liti. Nkhope ya Mainess inagwa.

"Chaona mnzako chapita, alamu," anatero Agnesi motsitsa mawu. Sanamalize mwambiwo, panalibe chifukwa.

"Amake Edmund," anatero Abel, "zisiyeni mbuzi za mwana."

Lusiya anapumira pansi. Koma Mainess sanali mkazi wogwa kamodzi. Anapotokola nsonga ya chitenje, kenako anadzutsa mutu.

"Chabwino. Tiyende ndi pangano lanulo, koma tiyende nalo lonse. A Agnesi, inu simuiwala. Tauzani anthu. Mbuzi ya sukulu imasamuka m'mudzi?"

Agnesi anazengereza. "Siisamuka."

"Chifukwa?"

"Banja lina linasamuka nazo kale, n'kukazidya zonse, mwana osaponda m'kalasi. Tinagwirizana kuti mbuzi zimakhala kuno, ndipo zimathandiza mwana wa mudzi uno, amene kwawo ndi kuno, amene tikumuona ndi maso."

"Mwamva?" Mainess anatambasula manja. "Mtsikanayu lero akukwera galimoto ndi mayi ake. Kuyambira mawa ndi wa ku Chipangali. Ngati ine sindidya, iyenso sadya. Zibwerere kumphakati."

Agnesi anayang'ana pansi. Umenewu ndiwo unali munga umene anaunena uja, ndipo analibe pozembera. Lamulo analisunga yekha zaka zonsezi, sakanalikhotetsa pamaso pa anthu.

Apa Boyd anakonza pakhosi. Anali munthu wamtali, wouma, wosazolowera kutsutsidwa ndi akazi.

"Ine ndabwera kudzatenga mbumba yanga, mlongo wanga ndi mwana wake. Za mbuzi kanganani nokha. Koleji sindingaikwanitse, sindinama, ana anga omwe ali pakhomo. Koma kwathu munda ulipo, ndipo mwanayu sadzagona ndi njala. Lusiya, katenge katundu wako."

Lusiya sanasunthe. Sanalirenso. Anangoyang'ana mayi ake, ndipo bwalo lonse linatsatira maso akewo.

Ketilina anali atakhala mwendo umodzi atapinda, manja ali pamiyendo. Nkhani yonse anaimva ngati mmene munthu amamvera wailesi ya nyumba yoyandikana. Sanamve ukali, sanamve mantha. Chimene anaona n'chakuti panali njira imodzi yokha, yoonekeratu, ndipo anthu onsewa ankaizungulira chifukwa mitima yawo inkawawa. Wake sunkawawa, choncho anainena.

"Lusiya atsala."

"Mwati chiyani, mlongo?" anafunsa Boyd.

"Atsala. Kwawo ndi kuno. Anabadwira m'nyumba iyi, mchombo wake uli kuseri uko. Akatsekera kukoleji azibwera kuno."

"Mukudziwa zimene mukunena? Mwana wa kuchikazi kumusiya kuchimuna ngati nkhuku? Kwathu ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti ndabwera ndekha."

Boyd anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwake. "Mukamusiya pano, ine ndasamba m'manja. Akadzadwala musadzandiitane. Akadzapeza mwamuna musadzandiitane. Si mbumba yanganso."

"Ndamva, alongo."

"Nanga atsala m'manja mwa yani?" anafunsa mmodzi wa ankhoswe. "Nyumba iyi ikupita kwa Edmund. Mwana wamkazi sakhala m'mudzi wopanda mwini."

Agnesi anatsegula pakamwa, koma nkhosweyo anamuletsa ndi dzanja. Agnesi sanali magazi a Fulansisi. M'mudzi monsemo kholo la magazi a mwanayo linali limodzi lokha, ndipo aliyense ankamudziwa.

Ketilina ananyamuka, namugwira mwana wake padzanja, nayenda naye kudutsa bwalo. Atafika pamaso pa Mainess anagwada, namukokera Lusiya pansi kuti agwadenso.

"Alamu, mwana wa alongo anu uyu. Munati mwatsala ndi wailesi. Nayu mwana."

Mainess anayang'ana mtsikanayo, mphumi yotakata ija, makutu aang'ono aja, nkhope ya Fulansisi yeniyeni. Anaphimba kumaso ndi chitenje nalira mokweza, mapewa akugwedezeka. Sanapepese, ndipo tisamunamizire kuti anasanduka mngelo tsiku limenelo. Koma atatha kulira anatambasula dzanja, nagwira mkono wa Lusiya, ndipo sanausiye.

"Azigona ndi Mercy," anatero ndi mawu osasa. "Ku Chipata ndikamuperekeza ndekha."

Woyendetsa galimoto analiza hutala. Amayi anathandiza kukweza mapoto ndi mtondo. Lusiya anawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba akumanga bulangeti m'chitenje.

"Amama, mukundisiya kwa iwo aja? Iwo aja amene anamanga khola?"

"Ndikukusiya kusukulu."

"Ine sindinafune kuti zithe chonchi. Tiyeni tipite limodzi, koleji ikhale. Mukakhala ndi ndani kumeneko?"

"Unandiuza kuti ndidzuke. Ndadzuka." Ketilina anamanga mfundo yachiwiri. "Uzikawerenga. Azakhali ako akakalipa, usamayankhe. Ukapeza mpata udzabwere kudzandiona, amalume ako mtima udzatsika."

Lusiya anawakumbatira, akulira mpaka kunyowetsa bulauzi yawo. Ketilina anamusisita kumsana monga ankachitira ali khanda. Manja ankadziwa chochita, koma maso ake anali ouma, akuyang'ana nkhokwe imene sinalinso yake.

Anakwera kumbuyo kwa galimoto, nakhala pamtolo wake. Boyd anakhala moyang'anana naye, nkhope atalozetsa kumbali. Galimoto inadutsa tchalitchi, inadutsa sukulu, inadutsa minda ya thonje imene Ketilina anaipalira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anthu ankakweza manja m'njira, iye n'kumakwezanso lake. Anadzifunsa ngati umu ndi mmene akhalire mpaka imfa, munthu woyenda ndi kulankhula koma wosamva kanthu.

Anali atatsala pang'ono kufika pamsewu waukulu pamene anadzidzimuka, nagwira bondo la mlongo wake.

"Alongo, auzeni aime. Tibwerere pang'ono."

"Mwaiwala chiyani?"

"Sindinawauze alamu. Mwana uja akadwala sanena. Amangoseka ndi anthu ngati ali bwino, koma amasiya kumwa madzi. Munthu ukapanda kumuyang'anitsitsa, malungo amamugwetsa usanadziwe. Sindinawauze."

Boyd anamuyang'ana nthawi yaitali. Ukali unali utachoka pankhope pake, koma sanagogode galimoto kuti iime.

"Adzadziwa okha, mlongo," anatero. "Si mwawapatsa?"

Ketilina anabweza dzanja lake. Galimoto inakwera pamsewu waukulu n'kukhotera ku Chipangali. Pamenepo chinthu chija chinali zii m'chifuwa chinang'ambika, ndipo ululu wonse wa milungu isanu unabwera nthawi imodzi. Anagwira m'mphepete mwa galimoto ndi manja onse awiri, nayamba kuitana dzina la mwana wake.